Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi: kugawana diski, madiski awiri, kapena rEFInd?

Mwana wa mlongo wanga wa ku Mufakose, kuno ku Harare, anafika kwathu Loweruka lina m'mawa atakolekera laputopu kumsana, ndipo asanakhale n'komwe pansi anati, "Amalume, makina aja afa, komanso ntchito yanga yonse ya kusukulu ili momwemo." Titaiyatsa tinapeza sikirini yakuda bii, pamwamba pali mawu akuti grub rescue basi. Miyezi ingapo m'mbuyomo iye anaika Ubuntu, mtundu wina wa Linux, pambali pa Windows, ndipo malo atayamba kumuchepera anafufuta gawo la Ubuntu lija ali mu Windows, osadziwa kuti GRUB, pulogalamu imene inkadzutsa kompyutayo, inkawerenga mafayilo ake kuchokera m'gawo lomwelo. Ntchito yake ya kusukulu inali bwinobwino pamalo pake, chimene chinasowa ndi khomo lolowera. Popeza vuto lotere ndalionapo kangapo pakati pa anzathu a ku Mbare ndi ku Highfield, ndaganiza zoika njira zimene zilipo pambalipambali, kuti aliyense aone imene ikuyenera makina ake.

Funso loyamba n'lakuti diskiyo inagawidwa mwa MBR kapena mwa GPT, njira ziwiri zolembera magawo a diski, chifukwa mankhwala a mtundu umodzi sagwira pa unzake. MBR inayamba mu 1983, ndipo imasunga ndandanda ya magawo pamodzi ndi kachidutswa ka pulogalamu yodzutsira kompyuta m'sekita yoyamba ya diski, imene ili ndi mabayiti 512 okha. Chifukwa cha kuchepa kwa maloko, magawo otchedwa primary sangapose anayi, ndipo diski yoposa 2 TB siigwira ntchito yonse. Wofuna magawo ambiri amasandutsa limodzi mwa anayiwo kukhala extended n'kuika ena m'kati mwake. GPT inabwera ndi UEFI, pulogalamu yatsopano yoyambitsa makina imene inalowa m'malo mwa BIOS yakale, ndipo imalola magawo 128 pa Windows, ndipo ndandanda yake imalembedwa pawiri, koyambirira ndi kumapeto kwa diski, kotero kuti ina ikawonongeka inzake imatsala. Apa palibe mpikisano, GPT ndiyo yabwino.

Chimene chimatisokoneza kuno ku Harare n'chakuti malaputopu ambiri a m'mashopu a m'tauni anagwirapo kale ntchito kunja, ndipo amatifika ataikidwa Windows mwatsopano ndi munthu amene anangotola fulashi imene inali pafupi. Motero makina otha UEFI bwinobwino mumawapeza akuyenda mwa Legacy, kutanthauza mwa BIOS yakale, pa diski ya MBR. Windows siisintha pa nkhaniyi: ikamadzuka mwa UEFI imafuna GPT, ikamadzuka mwa BIOS yakale imafuna MBR. Mukaika Linux mwa UEFI pamene Windows ili mwa Legacy, GRUB sidzatha kudzutsa Windows ngakhale mutaikonza kakhumi. Kudziwa pamene mwaima n'kosavuta. Mu Windows lembani msinfo32 n'kuwerenga mzere wa BIOS Mode, ndipo mu Linux onani ngati foda ya /sys/firmware/efi ilipo, pakuti ikakhalapo ndiye kuti mwadzuka mwa UEFI.

Amene ali pa MBR ndipo magawo anayi aja adzaza asamale ndi funso limene Disk Management, chida cha Windows chogawira diski, imafunsa pamene akufuna kupanga lachisanu, loti isandutse diskiyo kukhala dynamic. Kanani, chifukwa mapulogalamu oikira Linux sagwirizana ndi diski yotere, ndipo kuibweza mwakale ndi ntchito yowawa. Njira yabwino ndi mbr2gpt, imene ili mu Windows 10 kuyambira mu 2017, ndipo imasintha diski kupita ku GPT popanda kufufuta mafayilo. Imafuna kuti magawo a primary asapose atatu ndipo imakana diski yokhala ndi extended, choncho ndi bwino kuigwiritsa ntchito Linux isanaikidwe, kenako n'kusintha BIOS kupita ku UEFI nthawi yomweyo. Popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna UEFI ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), ambiri a ife tidzadutsabe pamenepa.

Njira yoyamba, imene ambiri amatsata chifukwa siifuna ndalama, ndi kugawana diski imodzi n'kusiya GRUB kuti izifunsa kumene mukufuna kulowa. Pa makina a UEFI pali kagawo kakang'ono ka FAT32 kotchedwa ESP, kamene Windows kawirikawiri imakapatsa 100 MB, ndipo Windows ndi Linux zimasungamo mafayilo odzutsira, iliyonse m'foda yake. Kagawo kameneka sikafomatidwa poika Linux, ndipo amene wakafomata wataya khomo la Windows. Zikaikidwa bwino zimakhala mwamtendere, koma mtendere wake ndi wa anthu obwereka nyumba imodzi, umafuna kuyang'anira. Nthawi zina pambuyo pa update yaikulu, kapena zoikamo za BIOS zikabwerera mwakale, Windows Boot Manager imabwera patsogolo ndipo munthu amaganiza kuti Linux yafufutika, chonsecho ndi mndandanda wokha umene wasintha, ndipo umakonzedwa mu BIOS kapena ndi lamulo la efibootmgr mu Linux. Nthawi zina ndi Windows imene imasowa pa menyu, chifukwa kuyambira pa GRUB 2.06 ya mu 2021, os-prober, imene imafufuza ma system ena pa diski, imabwera yozimitsa pa Linux zina. Mumaika mzere wa GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub, n'kulemba update-grub ngati muli pa Ubuntu kapena Linux yofanana nayo.

Pali zinthu zina ziwiri za Windows zimene zimaluma wogawana diski. Fast Startup, imene inabwera ndi Windows 8, imachititsa kuti kompyuta isazime kwenikweni koma igone, ndipo Linux ikapeza gawo la Windows (la NTFS) lili chigonere imakana kulembamo, kumene kuli kukutetezani. Lamulo la powercfg /h off limathetsa zimenezi. Chachiwiri ndi BitLocker, yotseka mafayilo a pa diski ndi kiyi, imene pa makina atsopano imapezeka yoyatsa mwiniwake osadziwa. Mukasintha njira yodzukira, Windows ingathe kuitanitsa kiyi ya manambala 48, ndipo ngati laputopu munaigula kwa wina ndipo kiyiyo ili mu akaunti yake, mafayilo anu atsekeredwa. Lembani kiyiyo papepala musanakhudze gawo lililonse.

Njira yachiwiri ndi kupatsa system iliyonse diski yake, ndipo ndiyo ndimaikonda pa makina a anthu amene alibe nthawi yolimbana ndi GRUB. Malaputopu ambiri akale ali ndi malo a DVD amene palibe akuwagwiritsanso ntchito, ndipo m'malo mwake mumalowa caddy, kabokosi konyamula SSD (diski yamakono yachangu), pomwe ena ali ndi malo a M.2 pamodzi ndi a SATA. Chinsinsi chake ndi kuchotsa diski ya Windows pa nthawi yoika Linux, chifukwa mapulogalamu ena oikira amakonda kulemba mu ESP yoyamba imene aipeza ngakhale mwawalozera ina. Mukatero diski iliyonse imakhala ndi ESP yake ndipo imadzuka payokha, moti ina ikafa kapena mukaifomata inzake siimva kanthu. Posankha mumangodina F12 pa Dell ndi Lenovo, kapena F9 pa HP, kompyuta ikamayaka. Kuipa kwake n'kwakuti pamafunika kugula diski, ndipo malaputopu opyapyala a masiku ano ali ndi malo a diski imodzi yokha. Nkhani ya Fast Startup imakhalapobe ngati mukufuna kutsegula mafayilo a Windows muli mu Linux.

Yachitatu ndi rEFInd, imene Roderick Smith anayamba kutulutsa mu 2012 pokonzanso pulogalamu yakale ya rEFIt. Kusiyana kwake ndi GRUB n'kwakuti GRUB imawerenga menyu imene inalembedwa kale, ndipo magawo akasintha menyuyo imanama, pamene rEFInd imafufuza madiski nthawi iliyonse kompyuta ikayaka n'kuonetsa zimene yapeza. Kwa munthu wokhala ndi Linux ziwiri kapena zitatu, zimene GRUB zake zimalimbirana ufumu, imeneyi imachepetsa mkangano. Imafuna makina a UEFI, ndipo Secure Boot, chitetezo chimene chimakana mapulogalamu odzutsira osadziwika, ikakhala yoyatsa pamafunika kulembetsa kiyi yake, chimene chimagwetsa ulesi ambiri. Ine sindiiika pa diski ya munthu wa Windows ndi Linux imodzi, koma ndimayenda nayo pa fulashi, pakuti kompyuta ikataya khomo imandilowetsa mu system iliyonse imene ikadali yamoyo. Ilipo ina yotchedwa systemd-boot, yopepuka ndithu, koma imafuna kuti kernel, mtima wa Linux, ikhale mu ESP kapena m'gawo lina lapadera, ndipo 100 MB ya Windows ija siichedwa kudzaza.

Pa nkhani yochepetsa gawo la Windows kuti papezeke malo, Disk Management ndi GParted, chida cha Linux chogawira diski, zimasiyana kwambiri, ndipo kwa ife kusiyanako kumakulitsidwa ndi magetsi. Disk Management imadula gawo kuchokera kumapeto okha, ndipo imaima ikafika pa fayilo yosasuntha monga pagefile kapena ya hibernation, moti nthawi zina imakupatsani malo ochepa pa diski yopanda kanthu. Mukazimitsa zimenezo kwakanthawi, pamodzi ndi System Restore, imadula mopitirira. GParted imatha zambiri, kuphatikizapo kusuntha gawo lonse, koma kusuntha chiyambi cha gawo kumatanthauza kukopera zonse zili m'menemo kupita pamalo ena, ntchito imene pa hard disk yakale imatenga maola. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyo, batire nalo lili lija losasunga moto ngakhale mphindi khumi, gawolo limatsala theka uku theka uko, ndipo kulipulumutsa n'kovuta kuposa vuto lililonse ndatchula pamwambapa. Kwathu kuno kuli masiku amene magetsi amabwera anthu atagona n'kuchoka kusanache, choncho ntchito yosuntha gawo ndimaichitira kwa mnzanga wokhala ndi sola, nditakopera kaye mafayilo pa diski ina. Gawo la Windows lichepetsedwe ndi Windows yomwe, GParted itsalire magawo a Linux ndi zimene Windows yalephera.

Zinthu zikawonongeka kale, anthu amathamangira Boot-Repair, pulogalamu yokonza GRUB imene mumaiyendetsa kuchokera pa fulashi, chifukwa ili ndi batani limodzi. Imathandizadi pamene Ubuntu kapena Linux Mint ilipo koma GRUB yasokonekera, malinga fulashi yadzutsidwa mwa njira yofanana ndi system ya pa diski. Siingabweze gawo lofufutidwa. Imeneyo ndi ntchito ya TestDisk ya Christophe Grenier, imene imagwira chifukwa kufufuta gawo kumangochotsa dzina lake m'ndandanda, mafayilo n'kukhalabe pamalo pake kufikira chinthu china chitalembedwa pamwamba. Motero amene wafufuta gawo molakwitsa asapange lina pamalopo ndipo asafomate, makamaka pa SSD, pamene kufomata kungathe kutayiratu zonse. Ngati mukungofuna kubweza Windows yokha, fulashi yoikira Windows ikukwanira: bootrec /fixmbr pa MBR, kapena bcdboot pa UEFI. Ndipo ngati Linux yakale yayamba kuchedwa masekondi 90 podzuka mutaika ina pambali pake, kawirikawiri ndi gawo la swap, lothandizira RAM, limene lafomatidwa n'kulandira UUID (nambala yozindikirira gawo) yatsopano, ndipo mumayerekeza zimene blkid ikuonetsa ndi zolembedwa mu /etc/fstab.

Kwa mwana wa mlongo wanga uja, mu Ubuntu munalibe kanthu kofunika, choncho TestDisk sitinaivutitse. Tinabweza Windows ndi bootrec /fixmbr, tinakopera ntchito yake pa diski yanga, tinachotsa extended imene inatsala yopanda kanthu, ndipo mbr2gpt inavomera. Sabata yotsatira anagula caddy ndi SSD yaing'ono, tinaika Ubuntu m'menemo diski ya Windows itachotsedwa. Patapita masiku atatu anandilembera pa WhatsApp kuti, "Amalume, zonse zikuyenda, koma ndikachoka mu Ubuntu wotchi ya Windows ikumatsalira maola awiri." Linux imasunga nthawi ya UTC m'wotchi ya makina, Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kumene muli, ndipo Harare, mofanana ndi Lilongwe, ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Munthu angathe kuuza Windows kuti izitsata UTC poika RealTimeIsUniversal mu registry (nkhokwe ya zoikamo za Windows), imene ili njira yaukhondo, koma poona kuti mnyamatayo anali atangofufuta kumene gawo lathunthu sindinafune kumutuma mu registry, ndipo ndinamuuza kuti alembe timedatectl set-local-rtc 1 mu Ubuntu.