Miyezi 9 ndi app ya inverter: imaulula zambiri za pakhomo

Titangoika sola kuno ku Area 25 ndinalemba kuti app ya inverter (makina osandutsa magetsi a sola ndi batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) ndaikonda. Papita miyezi 9, ndipo pa ntchito yake sindikudandaula. Magetsi akathima ndimaona pafoni kuti batire yatsala pati, n'kuuza ana kuti zosita zidikire.

Chomwe sindinachiganizire ndi anthu ena amene amaonanso manambala omwewo.

Mu June tinapita kumaliro ku Ntcheu, masiku 4. Tsiku lachitatu mmisiri amene anatiikira sola anandiimbira: "Bambo, mwachokapo kodi? Batire ikungokhala yodzaza, firiji yokha ndiyo ikukoka." Ankafunsa mwaubwino, poopa kuti china chake chafa. Koma mtima wanga unagunda. Munthu ali kutali, sitinamutsanzike, koma akudziwa kuti pakhomo palibe munthu.

Nditabwerako ndinaonetsetsa bwino. Kachipangizo ka Wi-Fi kamene kali pa inverter kamatumiza manambala a magetsi amene tikugwiritsa ntchito ku kompyuta za kampani yopanga inverteryo mphindi 5 zilizonse, ndipo app imawajambula ngati mzere. Mzerewo umakwera 5 koloko m'mawa ketulo ikayaka, umagona tonse tikapita kuntchito ndi kusukulu, umadzukanso madzulo. Lamlungu umaonetsa ngakhale nthawi yomwe tabwera kutchalitchi. Akaunti anatsegula ndi mmisiriyo pa imelo yake. Ine ndinali ngati mlendo pa sola yanga yomwe. Iye ankatha ngakhale kusintha kachajidwe ka batire ali kwawo.

Ndinamupempha kuti asamutsire akauntiyo m'dzina langa, ndipo sanavute. Ndinasintha password, komanso ya kachipangizo kaja, yomwe inali ikadali ya kufakitale. Pafoni ya mwana wanga app ndinaichotsa, chifukwa foniyo imayenda m'manja mwa anzake.

Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, koma pogula sola palibe anandiuza kuti manambala a m'nyumba mwanga akusungidwa kuti, kapena kwa nthawi yaitali bwanji. Zimenezi zimandiwawa mpaka pano.

Kumuchotsa mmisiri kuli ndi mtengo wake. Mu September inverter inayamba kulira usiku, ndipo sakanatha kuona vuto ali kwawo monga kale. Ndinamutsegulira kwa tsiku limodzi, anakonza, ndinatsekanso. Umu ndi momwe tikuchitira tsopano, ndipo app ndikuigwiritsabe ntchito tsiku lililonse.