Boti lamatanga logula kwa munthu: lizigona m'madzi kapena pamchenga?

Mwezi watha ndagula kaboti kamatanga ka fiberglass kwa bambo ena amene akusamuka, nkakale ndithu koma thupi likadali bho, ndiye mutu woyamba kundiwawa sunali wa matanga kapena injini ayi, unali woti kazigona kuti. Anzanga akunyanja agawikana, ena akuti limangirire m'madzi pa mooring (chibuloko cholemera chapansi pamadzi chokhala ndi tcheni chomangirirapo boti), ena akuti likokere kumtunda ngati momwe asodzi amachitira ndi mabwato awo.

Za m'madzi zimakoma chifukwa ukafuna kuyenda umangopalasa kukafika, kukweza thanga, basi wapita. Koma nyanja yathu ya Malawi si yamasewera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukamawomba kuchokera kummwera chakummawa, malo ngati Senga Bay mafunde amabwera osatchinga kalikonse, pomwe ku Chembe, Cape Maclear, mapiri amakubisa bwinobwino, kungoti mvula ikayamba mpoto umakupeza pomwepo. Ndiye mooring yako iyenera kukhala yeniyeni osati mwala womanga ndi chingwe cha nayiloni. Ambiri sadziwa kuti konkire ikalowa m'madzi imapepuka pafupifupi ndi 40 peresenti, chibuloko cha makilo 500 pansi pamadzi chimatsala ngati 300 okha. Mooring ya mwini wakale nditaidumphira ndi magalasi ndinapeza shackle (kachitsulo kolumikizira tcheni) yadyeka mpaka pini kutsala ngati msomali wa ma inchi awiri, ndipo inalibe waya woimanga kuti isamasuke, ndinatuluka m'madzimo mtima uli phaa.

China nchoti madzi opanda mchere komanso ofunda ngati athuwa ndi amene fiberglass imatupa nawo matuza msanga, aja amati osmosis, ndipo ndere imamera pansi pa boti masabata ochepa chabe. Kukatsuka ndiye kuima m'madzi osaya kumene kuli nkhono, likodzo likukudikira, mankhwala ake aja a praziquantel muziwadziwa.

Kumtunda boti limauma, ukulionera pafupi, mwera uwombe usiku wonse iwe uli mtulo. Vuto ndi kukoka. Hobie 16, mtundu wa boti lamatanga lopepuka, anthu anayi amaikweza pamchenga akucheza, nchifukwa chake a mpikisano wa maboti wa Lake Malawi Sailing Marathon amagona nazo pagombe, koma langali lili ndi keel yachitsulo (chipsepse cholemera chapansi pa boti), limafuna trailer ndi galimoto kapena anyamata khumi oti uwapatse kangachepe ulendo uliwonse, ndipo ndikudzidziwa, ulesi udzandigwira boti lidzasanduka khola la nkhuku. Dzuwa nalo limadya zingwe ndi matanga, thanga ukalisiya pa boom (mtengo wopingasa wogwira thanga m'munsi) osaphimba chaka chimodzi limang'ambika ngati pepala, komanso ma pulley ndi zingwe zimamera miyendo ngati palibe mlonda. Musaiwalenso 2024 pomwe nyanja inakwera mpaka kulowa m'malodge ku Mangochi ndi Salima, pomwe unkati mpamtunda panasanduka panyanja.

Amene mwagula lamatabwa nkhani yanu ndi ina, limenelo likakhalitsa padzuwa matabwa amafota, mipata imatseguka, tsiku lolibwezera m'madzi mudzakhala mukukapa madzi ndi chigubu chodula mpaka litafufumanso.

Ine ndasankha m'madzi, ku mbali yobisika ku mwera, tcheni chatsopano, swivel (kachitsulo kozungulira koletsa tcheni kupotana) ndi shackle zomanga ndi waya, ndipo Novembala mpoto usanayambe ndidzalitulutsa likaume miyezi ingapo ndikulipaka antifouling, penti woletsa ndere kumera. Trailer yake ndiyobwereka, matayala ake onse awiri ndi akuphwa, ndikusakabe wa pampu.