Kapulojekita kotchipa m'kalasi ya Chingerezi: gulani, koma musaiwale sipika

Mphunzitsi wa Chingerezi pa CDSS ya ku Santhe kapena ku Chamama akafuna kuonetsa a Fomu 4 filimu ya sewero lomwe akuwerenga pokonzekera MSCE, nthawi zambiri amathamangira timapulojekita ta LED tomwe timapezeka m'mashopu a zamagetsi pa Kasungu boma. Kapulojekita kotereka kamagwira ntchito, koma kokha kokha, popanda zina zoonjezera, kakhoza kuwononga phunziro lonse.

Pa katoni amalembapo 1080p, chizindikiro cha filimu ya zithunzi zooneka bwino kwambiri. Zimenezo zikutanthauza kuti kamalandira filimu yoteroyo, osati kuti kamaionetsa chomwecho. Tambiri totchipa timaonetsa chithunzi cha timadontho 800 x 480 basi, tochepa kwambiri poyerekeza ndi 1080p. Nkhope za anthu zimaoneka bwino ndithu, koma timawu ta subtitle, tolembedwa m'munsi mwa filimu, timachita chimbuuzi, ndipo amene akhala mabenchi akumbuyo sawerenga kanthu. Kuwala nakonso n'kochepa. Masana muyenera kutchinga mazenera ndi zitenje zakuda kapena makatoni, kukhoma nsalu yoyera pa bolodi, n'kuika kapulojekitako mamita 2 kapena 2.5 kuchokera pa nsaluyo. Mukakasunthira kutali pofuna chithunzi chachikulu, chimazilala.

Vuto lenileni lili pa mawu. Kasipika ka m'kati ndi ka mawati 2 kapena 3. M'kalasi ya ana 70, yofoleredwa ndi malata opanda siling'i, mvula ikangoyamba kuwaza simumvanso chilichonse. Tsono ana athu anazolowera mafilimu a m'mavidiyo shoo omasuliridwa m'Chichewa, momwe womasulira amawatafunira nkhani yonse. Akakumana ndi Chingerezi cha ku England cholankhulidwa mothamanga, chotulukira pa kasipika kosamveka, amangoonera zithunzi. Amakuwa pa ndewu, kuseka zovala, kuombera m'manja wina akafa, koma mukawafunsa chomwe chayambitsa mkangano amangoyang'anana. Si kupusa ayi, sanamve. Lumikizani sipika yaikulu yochajidwa pa kabowo ka mahedifoni ka 3.5 mm, muiike pakati pa kalasi osati kutsogolo, ndipo muyatse subtitle ya Chingerezi. Mukatero, ana omwewo amayamba kutsutsana za khalidwe la munthu wa m'seweromo, ena n'kumatsegula buku kufuna mzere umene angoumva. Gwiritsani chingwe, chifukwa Bluetooth ya timakina totere imachedwetsa mawu, milomo n'kumatsogola.

Pali zina zomwe zimachititsa manyazi pamaso pa kalasi. Filimu ikhoza kutuluka zithunzi popanda mawu, chifukwa timapulojekita tambiri sitiwerenga mawu a mtundu wa AC3. Isintheni pa kompyuta ndi pulogalamu ya HandBrake ikhale MP4 ya mawu a AAC, ndipo pomwepo muwotcheremo subtitle ya zilembo zikuluzikulu, kutanthauza kuimatiriza pa chithunzi kuti isachoke. Fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB. Zonsezi yesani dzulo lake, osati belu litalira.

Pa magetsi ndi pomwe kamayenera kuyamikiridwa. Kamadya mawati pakati pa 40 ndi 60, choncho batire ya sola ya 12V 100Ah yodzaza bwino, ndi inveta yaing'ono yosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, imamaliza filimu ya maola awiri popanda kudandaula. Sukulu yopanda magetsi a ESCOM ikhoza kuonetsa filimu. Mu Okutobala samalani kutentha ndi fumbi: musatseke timabowo ta fani ndi mabuku, chifukwa kakatentha kamazima kokha, ndipo pakapita nthawi pa chithunzi pamatuluka banga lachikasu lomwe silichoka.

Filimu yonse musaionetse ulendo umodzi. Piriyodi ya mphindi 40 imakwana zigawo ziwiri za mphindi 10 kapena 12, kuimitsa, kufunsa, n'kubwereza pamene sanamve. Ndipo ana awerenge kaye gawolo m'buku. Opanga mafilimu amadula ndi kusintha zochitika, pomwe mafunso a MANEB amachokera m'buku. Mwana amene wangodalira filimu amakalemba zomwe wolemba mayeso sakuzidziwa.

Pogula, tengani fulashi yanu yokhala ndi filimu ndi subtitle, muwauze ayatse m'shopu momwemo magetsi a m'chipinda ali chiyakire. Bwererani mapazi 8 kumbuyo. Ngati timawuto sitikuwerengeka, kasiyeni. Funsaninso ngati kali ndi kabowo ka HDMI kolumikizira kompyuta ndi ka sipika, ndipo ndalama ya sipikayo muiwerengeretu pa bajeti yomwe mukapereke kwa ahedi.