Mapesi kapena udzu: chophimbira mabedi chisanu chikamayamba ku Dedza

Mwezi wa May ukamatha mvula imakhala italekeratu, ndipo kuno ku Dedza, komwe tauni yake ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mame a m'mawa amayamba kuluma zala. Ino ndiyo nthawi yowokera mpiru, repu, kabichi ndi anyezi m'madimba apakhomo, ndipo aliyense wonyamula keni amafuna kuti madzi amene wathira asaume msanga. Zophimbira zomwe zimapezeka popanda kutulutsa ndalama ndi ziwiri, mapesi ndi udzu wouma, koma sizigwira ntchito mofanana.

Mapesi amakhala ali mbwee tikangokolola chimanga, ndipo ubwino wake waukulu ndi kulimba, chifukwa mphepo ya mwera siwaulutsa ndiponso sawola msanga. Vuto lake ndi lakuti akayalidwa athunthu amasiya mipata yomwe dzuwa limalowera, choncho amafunika kuwaduladula ndi chikwanje, ntchito imene ambiri timaizemba. Amaitananso chiswe, ndipo m'kati mwake mumabisala kapuchi, yemwe salimbana ndi ndiwo zamasamba koma amadikira chimanga chachiwisi cha m'dimba lomwelo. Ine ndimaona kuti amayenera kabichi ndi tomato, zomwe zimabzalidwa motalikirana. Amene ali ndi ng'ombe aganizirenso kuti mapesi omwewo ndiwo chakudya cha ziweto m'chilimwe.

Udzu ndi wofewa ndipo umagona bwino pakati pa mizere yothinana ya mpiru, anyezi ndi karoti. Pa nazale ulibe mnzake, malinga uchotsedwe mbewu zikangomera, apo ayi mbande zimatalika mowonda n'kugwa. Uyenera kumwetedwa wopanda njere, chifukwa udzu wokhwima umabzala tchire pabedi pomwe mukuthirira tsiku ndi tsiku. Kupeza kwake n'kumene kumavuta, pakuti wabwino umalimbiranidwa ndi ofolera nyumba, ndipo wotsalawo umapsa ndi moto wa osaka mbewa.

Pali nkhani ina imene imasokoneza ambiri, omwe amaganiza kuti chophimbira chili ngati bulangete loteteza mbewu ku chisanu. Zoona zake n'zakuti masana nthaka imasunga kutentha kwa dzuwa n'kumakutulutsa usiku, ndipo mapesi kapena udzu wochindikala umatsekereza kutenthako kuti kusafike pa masamba. Popeza mpweya wozizira umatsikira m'malo otsika, madimba a kudambo, monga a ku Bembeke, ndiwo amawauka kwambiri mu June ndi July kumwamba kukayera ndipo mphepo ikadekha. Kabichi ndi repu zimapirira, koma tomato, nyemba ndi mbatatesi zimatha kupsa usiku umodzi. Pamenepa udzu ndi umene umapambana, chifukwa mukhoza kuuyala mopyapyala pansi, wina n'kuuika pa kathandala kotchinga mbewu pamwamba usiku, zomwe mapesi olemera aja salola.

Chifukwa cha zimenezi, pa dimba laling'ono la ndiwo zamasamba ine ndimasankha udzu, ndipo mapesi ndimawayala m'tinjira ndi pa kabichi basi. Kuthirira ndimachita m'mawa, patsinde osati pa masamba, kuti tomato asagone wonyowa, pakuti matenda a chiwawu amakonda nyengo yozizira ndi yachinyezi ngati ya chiperoni. Chophimbira chilichonse chisakhudze tsinde, musiyepo mpata wa zala ziwiri kapena zitatu.