Pulogalamu ya AI ya m'kalasi ija: nyenyezi zitatu, wogulitsa wake ziro

Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pasukulu ina yolipira ku Area 25, ndipo matabuleti amene sukulu idagula ku kampani ina, okhala ndi pulogalamu ya AI (ya pakompyuta yotha kulemba nkhani ndi kujambula zithunzi ukaiuza), tawagwiritsa ntchito teremu yathunthu. Kampaniyo imalipiritsa pa mwana aliyense. Ife adatikwezera tisanasaine n'komwe, ati iwo amalipira m'madola ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizidabwerere m'chimake. Matabuletiwo ndi olimba, batire imapirira ngakhale magetsi atazima kuyambira m'mawa. Koma bandulo imatha ngati mchere wagwera m'madzi.

Amene wandilembetsa ndemangayi ndi mnyamata wawo wogulitsa. Pobwera adalonjeza a hedi kuti pulogalamuyo Chichewa imachidziwa bwino, ndiponso kuti ana ayamba kupeka nthano ndi ndakatulo zodabwitsa. Maphunziro a aphunzitsi amene tidalipira padera adangokhala masana amodzi, theka la nthawiyo iye ali pafoni. Zimene adatiphunzitsa n'zakuti mwana alembe mutu, adine batani, nkhani ituluke. Basi.

Tsiku la makolo adabwera yekha ndi projekita kuti aonetse ukatswiri. Ana anali atapeka nthano za Kalulu ndi Fisi m'njira yake yomweyo, ndipo iye adasankha oti awerenge pamaso pa anthu. Woyamba adawerenga: Fisi wabera Kalulu chakudya, kenako wamva chisoni, wapepesa, akumbatirana. Wachiwiri: Fisi wapepesa, akumbatirana. Wachitatu chimodzimodzi, kungoti Kalulu wakeyo amalima makaroti ndipo kunja kunkagwa chipale chofewa. Ku Lilongwe kuno! Palibe nthano imene idayamba ndi padangokhala, ndiye makolo amene adakonzeka kuyankha kuti tili tonse adangokhala kukamwa yasa. Agogo ena amene adakhala kutsogolo adafunsa mokweza kuti, "Aphunzitsi, fisi ameneyu ndi wa kuti? Fisi wopepesa ine sindidamumvepo." Holo yonse idafa nacho chiseko. Mnyamata uja, m'malo moyankha, adauza makolo kuti vuto ndi aphunzitsi sadziwa kufunsa bwino makinawo. Adanena ine ndili chiimire pambali pake, choko chili m'manja. Mawa lake ndidamuimbira, sadayankhe. Pa WhatsApp amawerenga n'kukhala chete, kufikira tsiku lokumbutsa za malipiro a teremu yotsatira.

Zimene iye adayenera kutiuza ndidachita kuzifufuza ndekha. Mapulogalamu a mtundu uwu, amene adatchuka ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, amalemba polosera mawu oyenera kutsatira, kutengera zolembedwa zambirimbiri zimene adadyetsedwa. Zambiri mwa zolembedwazo n'za Chingerezi, za Chichewa n'zochepa, n'chifukwa chake nthano imatuluka ndi mawu athu koma mtima wake wa kwina. Sadatiuzenso kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, mu 2023 lidalangiza kuti ana osafika zaka 13 asamagwiritse ntchito zida zotere m'kalasi. Ambiri m'kalasi mwanga sadafike msinkhu umenewo. Munthu wogulitsa zinthu kusukulu za pulayimale angalephere kudziwa zimenezi?

Ndidafuna kuti matabuletiwo abwezedwe, koma a hedi adati ndalama zidapita kale. Ndiye ndidasintha kachitidwe. Tabuleti imakhala imodzi, m'manja mwanga. Ana amayamba alemba m'makope mwawo ndi cholembera, kenako timauza pulogalamuyo kuti isalembe kanthu, ingofunsa mafunso pa nkhani ya mwanayo. Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo, imagwira ntchito. Mtsikana wina amene chimangirizo chake sichinkapitirira mizere isanu adalemba za amayi ake ogulitsa tomato pamsika wa Nsungwi. Pulogalamu idafunsa kuti amayiwo amatani tomato akayamba kufewa dzuwa likupendeka. Mwanayo adadzaza tsamba lonse: mmene amatsitsira mtengo wa mulu, mmene amaikira wofewa pansi wolimba pamwamba, basela amene amapatsa kasitomala wodziwika, ndi mkangano wa amayi ake ndi wotolera ndalama za msika. Ine pandekha, ndi gulu lonse lija, sindikadapeza mpata womufunsa funso limenelo.

Zithunzi nazo zidatithandiza mosayembekezera pa Expressive Arts. Tidaipempha pulogalamuyo ijambule amayi akuvina chimtali. Idatulutsa anthu ovala nthenga kumutu, wina zala zisanu ndi chimodzi, ng'oma yooneka ngati mgolo wa madzi. Ana adakuwa kuti si choncho, ndipo ndidawauza kuti ajambule zoona zake. Adakangana za kamangidwe ka chitenje m'chiuno, za malo amene oimba ng'oma amakhala pakati pa bwalo, mpaka belu lidalira iwo osafuna kutuluka. Masiku ano amachita kupempha kuti tiifunse kanthu kuti aigwire bodza.

Choncho nyenyezi zitatu. Pa Chingerezi imathandiza kwambiri kuposa pa Chichewa, ndipo Chichewa chake musachikhulupirire pokonzekera mayeso a MANEB, chifukwa imasokoneza agwirizanitsi ndi kupeka miyambi yoti kulibe. Ngati sukulu yanu ikufuna kugula, musalipire za maphunziro a aphunzitsi zija, ndipo musalole kulipira pa mwana aliyense pomwe tabuleti imodzi pakalasi ikukwanira. Ife tauza kampaniyo kuti teremu ikubwerayi atitumizire munthu wina, apo ayi sitisainanso. Mpaka lero sadayankhe.