OpenWrt pa Archer C7: bandulo ikukhalitsa, bola mukonzekere kuzima kwa magetsi

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndemangayi ndi ya OpenWrt 23.05 yoikidwa pa rauta ya TP-Link Archer C7 v5, m'nyumba ya anthu ambiri kuno ku Mangochi, intaneti yake yochokera pa 4G. OpenWrt ndi pulogalamu yaulere yomwe imalowa m'malo mwa ija imabwera ndi rauta kuchokera kufakitale.

Musanachite chilichonse, itembenuzeni rautayo muwerenge pakapepala kapansi kuti ndi v2, v4 kapena v5, poti iliyonse ili ndi fayilo yakeyake ya OpenWrt. Poyamba mumaika yolembedwa factory, yolembedwa sysupgrade ndi ya mtsogolo pokonzanso. C7 ili ndi malo osungira okwana 16MB ndi RAM ya 128MB, zokwana bwino. Timarauta totchipa tija ta 4MB ndi 32MB, ngati ma TL-WR841N ambiri, musavutike nato: opanga OpenWrt anasiya kuthandiza timarautato pambuyo pa OpenWrt 19.07.

Kuika kwenikweniko n'kwa mphindi zochepa, koma magetsi akathima ili mkati rauta ikhoza kumangoyaka nyale osadzukanso. Ilumikizeni kaye ku batire. Ikamaliza, Wi-Fi imakhala yozima dala, ndiye musaganize kuti yapsa. Lumikizani kompyuta ndi waya, mutsegule 192.168.1.1 (adiresi ya rautayo) pa browser, ikani pasiwedi, sankhani nthawi ya Africa/Blantyre, kenako yatsani Wi-Fi.

Pofika pa intaneti mpomwe ambiri amagwa ulesi. Kuti rauta itenge netiweki ya Airtel kapena TNM kudzera pa foni ya Android yolumikiza ku USB, pamafunika pulogalamu yoonjezera yotchedwa kmod-usb-net-rndis, koma kuti muikoke pamafunikanso intaneti yomweyo. Njira yake: yatsani hotspot pa foni, pitani pa Network, Wireless, Scan, mulowe pa hotspotyo, mukoke zofunikazo. MiFi yanu ikakhala kuti nayonso ili pa 192.168.1.1 ziwirizi zimalimbana, masamba osatseguka. Rautayo muisinthire ku 192.168.2.1.

Chondikhutiritsa kwambiri ndi nkhani ya bandulo. Foni ikaona Wi-Fi imayesa yafika padambo, imayamba kukoka ma update ndi kukweza zithunzi usiku wonse, kukacha bandulo ya mwezi yapita theka. M'makonzedwe a LAN (netiweki ya m'nyumba), pa bokosi la DHCP-Options, lembani 43,ANDROID_METERED. Mafoni a Android amamva kuti intanetiyi ndi yowerengera ndipo amadziletsa. iPhone simva zimenezo, imafuna Low Data Mode pa foni pomwepo. Mukaonjeza pulogalamu ya luci-app-nlbwmon mumaona chida chilichonse ndi ma MB omwe chadya, mkangano wa "si ine" uja n'kuthera pomwepo.

Koma apa pali msampha womwe wachotsetsa nyenyezi yachisanu. Nlbwmon imasunga mawerengero ake ku /var/lib/nlbwmon, komwe ndi mu RAM, malo osunga zinthu pokhapokha rauta ili yoyaka. Magetsi akangophethira, zonse zafufutika. Bayani fulashi yaing'ono kumbuyo kwa rauta, mulozetse nkhokwe ya mawerengerowo kumeneko, ndipo nthawi yolembera muichepetse kuchoka pa maola 24 kufika pa ola limodzi kapena awiri. Rautayi ilibenso kabatire ka wotchi, choncho ikayaka imasokoneza nthawi mpaka itapeza intaneti. Ngati munaika lamulo loti intaneti ya mafoni a ana izime 9 koloko usiku, limayamba laphonya kwa kanthawi.

SQM, njira yogawa liwiro la intaneti mwachilungamo, imathandiza pamene wina akukoka kanema wina ali pa WhatsApp call. Ikani luci-app-sqm, sankhani njira yotchedwa cake, mulembe pafupifupi 85 mpaka 90 peresenti ya liwiro lomwe mwayeza. Vuto la 4G n'loti liwiro limasinthasintha, ndiye yezani madzulo anthu ataweruka, osati m'bandakucha. Mukalemba nambala yam'mawa SQM imangokhala chokongoletsa.

Rautayi imadya 12V, choncho imayenda pa sola popanda inveta. Kungoti batire ikamatchajidwa imakwera kupitirira 14V, ndiye pakati pakhale regulator kapena ka UPS kakang'ono ka DC. Kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala si kwamasewera: musaitsekere m'kabati kapena kuipachika pafupi ndi malata, ndipo kansalu kokongoletsa kaja kachoke pamwamba pake. Wi-Fi ya 5GHz imathamanga koma khoma la njerwa limaifooketsa msanga. Kukhonde ndi kukhitchini yapanja imafika ndi 2.4GHz.

Mukasokoneza zinthu mpaka osalowanso, izimitseni rautayo, iyatseni, nyale ikayamba kuphethira dinani batani la reset. Kompyuta muipatse 192.168.1.2, lowani mu rauta ndi SSH (njira yoilembera malamulo kuchokera pa kompyuta), lembani firstboot, lamulo lofufuta zonse munasintha. Dziwaninso kuti sysupgrade wamba imasunga makonzedwe koma imataya mapulogalamu omwe munaonjeza, kuphatikizapo ija ya USB, ndiye mumatsala opanda intaneti. Ikani luci-app-attendedsysupgrade, yomwe imakonzanso osataya mapulogalamuwo, tsiku loyamba lomwelo.