Kupalasa panja kapena m'nyumba: tchuthi cha Khirisimasi cha wokonda njinga kuno ku Leeds

Sabata ya Khirisimasi kuno ku Leeds, mzinda wa ku England, dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, ndipo pomwe ikukwana 4 koloko madzulo limakhala litalowa kale. Munthu wokonda njinga ya kapalasa akapatsidwa masiku opuma kuntchito nyengo imeneyi, nthawi amakhala nayo yambiri koma kuwala n'kochepa, msewu sukuuma, ndipo m'mawa wina amadzuka chisanu chitayera mbee pa magalimoto. Anzanga angapo ochokera kumudzi amene agula njinga chaka chino akhala akundifunsa chinthu chimodzi: kandalama komwe ali nako akaike pa zovala ndi zida zopalasira panja, kapena agule makina opalasira m'nyumba? Zonse ziwiri ndazigwiritsa ntchito nyengo zozizira zingapo, njinga za ku jimu ndazikweranso, ndiye ndikuuzeni mmene ndazionera.

Muyezo wanga ndi Festive 500. Imeneyi inayambitsidwa ndi kampani ya zovala za njinga ya Rapha mu 2010, ndipo lamulo lake ndi limodzi: upalase makilomita 500 kuyambira pa 24 mpaka pa 31 Disembala. Masiku 8 amenewo, ukagawa, ndi makilomita 62.5 tsiku lililonse. Ambiri amawerengetsa maulendo awo pa Strava, pulogalamu ya pa foni yosunga mtunda womwe wapalasa, ndipo kuyambira 2020 makilomita opalasa m'nyumba pa makina amawerengedwanso. Sikuti aliyense ayenera kulowa nawo ayi, koma masiku 8 otsatizana amaulula msanga ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse.

Ndiyambe ndi panja, chifukwa mtima wanga uli kumeneko.

Amene anakulira ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Blantyre amachidziwa chiperoni. Disembala wa ku Yorkshire, dera lomwe kuli Leeds, ali ngati chiperoni chimene chakana kuchoka, kuwonjezerapo mphepo yolasa m'mafupa. Ukatuluka mu Leeds kulowera ku Otley, n'kutsata chigwa cha mtsinje wa Wharfe mpaka ku Ilkley, umadutsa dera lomwe mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France unadutsa pa 5 Julaye 2014 utanyamukira mumzinda uno. M'chilimwe misewu imeneyi imadzaza opalasa. M'nyengo ino umakumana ndi mmodzimmodzi, ndipo aliyense amakugwedezera mutu. M'mawa wa pa 25 Disembala msewu umangoti zii, magalimoto ochepa, utsi ukufuka m'machumuni, nkhosa zili phee m'mipanda ya miyala. Ulendo wa m'mawa umenewo palibe makina amene angandipatse.

Koma panja pamafuna kukonzekera, ndipo choyamba si jekete yodula monga ambiri amaganizira. Choyamba ndi madigadi aatali, otchinga tayala lonse kutsogolo ndi kumbuyo. Popanda madigadi, madzi a mumsewu amakuthira kumsana ndi m'nsapato, ndipo ukanyowa mapazi pa madigiri 3 ulendo watha. Magulu ambiri opalasa kuno salola munthu wopanda madigadi kulowa pamzere m'nyengo yozizira, chifukwa amawaza matope kumaso kwa amene ali kumbuyo. Chachiwiri ndi nyali. Lamulo la kuno limafuna nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo kuyambira dzuwa likalowa mpaka litatuluka, pamodzi ndi chonyezimira chofiira kumbuyo ndi zonyezimira pa mapedulo. Ine ndimayatsa ngakhale masana, chifukwa dzuwa la Disembala limayenda chapansipansi n'kumathobwa oyendetsa galimoto m'maso, makamaka msewu ukanyowa. Chachitatu ndi manja ndi mapazi: magolovesi ochindikala ndi zovala pamwamba pa nsapato. Thupi limadzitenthetsa lokha ukayamba kukwera chitunda, koma zala sizitero. Zikachita dzanzi, buleki sugwira bwino, ndipo tayala likaphwa, kuchotsa chubu ndi zala zouma gwa ndi ntchito yoliza munthu wamkulu.

Ndiye pali mchere. Makhonsolo amawaza mchere m'misewu ikuluikulu kuti madzi asaundane, zomwe ndi zabwino kwa ife, koma mchere womwewo umadya tcheni, magiya ndi mabawuti. Ukafika kunyumba wotopa n'kuisiya njinga osaitsuka, m'mawa tcheni chayamba kale kufiira ndi dzimbiri. Choncho pa ulendo uliwonse wa panja muwonjezerepo mphindi 15 za ndowa, nsanza ndi mafuta a tcheni. Mabuleki nawo amatha msanga chifukwa cha mchenga wa mumsewu.

Choopsa chenicheni ndi madzi oundana osaoneka ndi maso. Msewu umaoneka ngati wangonyowa, koma pamwamba pali kagalasi. Pamenepo luso silithandiza: tayala lakutsogolo limangochoka, iwe uli pansi usanadziwe n'komwe. Ndinagwapo kamodzi pa kamsewu ka kumunda, pamalo a mthunzi pomwe dzuwa linali lisanafike, ndipo chiuno chinandipweteka milungu itatu. Tsiku limenelo foni inkati kunja kuli madigiri 3. Kutentha komwe azanyengo amalengeza n'kwa mpweya, pamene nthaka imatha kuzizira kuposa pamenepo, makamaka usiku wopanda mitambo. Kuyambira pamenepo, ndikaona madigiri 3 kapena kutsika m'mawa, ndimadikira mpaka cha m'ma 11 koloko, kapena ndimatsata misewu ikuluikulu yowazidwa mchere, kapena sindituluka n'komwe. Alipo matayala okhala ndi timisomali, monga Schwalbe Marathon Winter, ndipo amagwiradi pa madzi oundana, koma ndi olemera komanso aulesi pa phula louma. Amayenera munthu wopita kuntchito tsiku ndi tsiku, osati wofuna makilomita 60. Kumbukiraninso kuti pa 25 Disembala sitima sizimayenda m'dziko muno, ndipo pa 26 zimayenda zochepa kwambiri. Njinga ikakuwonongekerani kutali masiku amenewo, kobwerera ndi foni kwa mnzanu wa galimoto basi. Tengani machubu awiri, osati imodzi.

Tsopano za m'nyumba. Makina amenewa kuno amawatchula kuti turbo trainer, ndipo alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba, njinga umaimangirira yonse, tayala lakumbuyo n'kumazungulira pa kachitsulo. Ndi otsika mtengo, ndipo ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka mbwee pa Facebook Marketplace. Vuto lake ndi phokoso, kudya tayala, komanso kutsetsereka ukapondaponda mwamphamvu. Mtundu wachiwiri, umachotsa wilo lakumbuyo, tcheni n'kukolekedwa pa magiya a makinawo. Wahoo Kickr Core ndi Tacx Neo ali m'gulu limeneli. Awa ndi ofatsa, amayeza mphamvu ya miyendo yako mu mawati, ndipo amadzilimbitsa okha chitunda chikafika pa sikirini. Mtengo wake ndi mapaundi mazanamazana. Ngati mukukhala m'chipinda cham'mwamba ndipo pansi pali anthu, ganizirani bwino, chifukwa ngakhale makina ofatsa amanjenjemeretsa pansi. Ine ndinayamba ndi a mtundu woyamba, ndipo aneba a pansi anabwera kudzagogoda mwaulemu usiku wachiwiri womwe. Ananena zoona, phokoso linalipodi.

Makinawo paokha, kuyang'ana khoma, mphindi 40 zimatalika ngati tsiku. Chimene chinasintha zinthu ndi mapulogalamu. Zwift imakuika m'dziko lojambula lotchedwa Watopia, momwe umapalasa ndi anthu enieni a m'mayiko ena pa nthawi yomweyo. Muli phiri la Alpe du Zwift lomwe analitengera ku Alpe d'Huez ya ku France, ndi makona ake 21. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi wa njinga za pa intaneti, wokonzedwa ndi bungwe loyang'anira masewera a njinga la UCI, unachitikira pa Zwift mu Disembala 2020. Zwift imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo mphamvu yake ndi kuchuluka kwa anthu: ola lililonse umapeza gulu loti ulowemo. Rouvy, ya ku Czech Republic, imaonetsa makanema a misewu yeniyeni, ndiye imakomera munthu amene zojambula zimamutopetsa. Nayonso ndi yolipira. MyWhoosh, ya ku Abu Dhabi, ndi yaulere, ndipo kwa woyamba kumene ndimati ayambire pamenepo aone ngati kupalasa m'nyumba kungamukomere asanayambe kulipira.

Pa nkhani ya nthawi, m'nyumba mumapambana kutalitali. Panja m'nyengo ino ndimayenda pafupifupi makilomita 22 pa ola, ndiye makilomita 62 amandidyera maola atatu, osawerengera kuvala, kuvula ndi kutsuka njinga. Pa makina, msewu wosalala, ndili m'kati mwa gulu, mtunda womwewo ndimaumaliza m'maola awiri. Mulibe maloboti, mulibe mphepo, mulibe kuima. Amene mumagwira mashifiti a usiku m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'zipatala, n'kumagona pamene kunja kukuwala, mukudziwa kale kuti kwa inu kusankha sikulipo kwenikweni. Makina ndi amene angakusungireni miyendo mpaka Malichi. Chimodzimodzi amene muli ndi ana aang'ono sukulu zitatsekedwa: ola limodzi ana asanadzuke limatheka, maola atatu ku Ilkley satheka.

Koma m'nyumba muli zake. Popeza palibe mphepo yokuwomba, thukuta limangoti kamukamu ngakhale chipinda chili chozizira. Fani yamphamvu ndi yofunika ngati makina enieniwo, ndipo thaulo liziyalidwa pa mahandulo, chifukwa thukuta nalo ndi mchere ndipo limadya mabawuti ndi mahandulo pansi pa tepi, mwakachetechete. Chishalo chimapweteka msanga kuposa panja chifukwa njinga siyendera uku ndi uku, thupi limangokhala malo amodzi. Ndipo pali zinthu zomwe makina saphunzitsa: kukhota pa msewu wonyowa, kugwira buleki potsetsereka, kumva mphepo ya m'mbali isanakukankhe. Ndaonapo anthu otuluka m'nyengo yozizira ali ndi miyendo yamphamvu zedi, koma pa ulendo woyamba wa gulu manja akunjenjemera pa kona iliyonse.

Chomwe chimandikokera panja koposa zonse si miyendo, ndi mutu. Ife obadwira kumene dzuwa limatuluka 5 koloko m'mawa mu Disembala, mdima wa kuno umatilemera mwa mtundu wina. Khirisimasi kumudzi ndi mvula, chimanga chobiriwira, mpunga ndi nkhuku, abale pakhonde. Kuno ukhoza kutha masiku atatu osaona kumwamba, uli pa foni kuonera zithunzi za anzako. Maola awiri panja, ngakhale kuli mvumbi, amandibwezera tulo ndi chilakolako cha chakudya mwa njira yomwe sikirini sinachitepo. Apa ndichenjeze chinthu chimodzi: musaganize kuti dzuwa la Disembala likukupatsani vitamini D. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno lilibe mphamvu imeneyo, ndipo a NHS, bungwe la zaumoyo la boma kuno, amalangiza mamaikirogalamu 10 patsiku m'miyezi imeneyi kwa aliyense, koma kwa ife a khungu lakuda amati tiganizire kumwa chaka chonse.

Za ku jimu sindichulutsa. Njinga zake, makamaka za Wattbike, ndi zabwino ndipo aneba savutika, koma sabata yomwe ukuzifuna kwambiri ndi yomwe majimu ambiri amafupikitsa maola kapena kutsekeratu pa 25. Ndi pothawira, si pomanga. Bwalo la njinga la ku Manchester, lomwe linatsegulidwa mu 1994, ndi nkhani ina: njira ya matabwa ya mamita 250, njinga zopanda buleki zomwe mapedulo ake saima, ndipo amakhala ndi maphunziro a oyamba kumene. Pitaniko kamodzi ndi anzanu ngati chisangalalo cha tchuthi, mutabukitsa malo nthawi ilipo. Makilomita 500 simukawapeza kumeneko.

Ndiye kwa mnzanga amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, ndipo masana amakhala womasuka, yankho langa ndi ili: madigadi, nyali ziwiri zabwino, magolovesi ndi zovala pa nsapato. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa makina a mtundu wachiwiri, ndipo mudzazigwiritsa ntchito kuyambira Okutobala mpaka Epulo, popita kuntchito ndi kutchalitchi komwe. Kandalama kakatsala, funani makina otsika mtengo ogwiritsidwapo kale ntchito, muwasungire masiku a madzi oundana okha. Wogwira usiku atembenuze: makina poyamba, fani pambali pake, ndipo tsiku lopuma likagwa pa nyengo yabwino atuluke ndithu.

Chaka chino ndakonza motere. Pa 24 ndipita ku Otley ndi Ilkley n'kubwerera kusanade. Pa 25 ndituluka kukangoyera, makilomita 40 okha, kuti 12 koloko indipeze ndili kunyumba nsima isanaphulidwe. Masiku otsalawo ndiziona nyengo usiku uliwonse: kukakhala mitambo ndi madigiri 5, ndivala n'kutuluka, kumwamba kukayera nyenyezi zili waa, ndichotseratu wilo lakumbuyo usiku womwewo n'kuika fani pamalo pake.